Thanki ya chimbudzi ikamatayira mu mtsinje, mlimi angadziwe bwanji?

Alimi anzanga, sabata ino ndati tisiye kaye za mbewu ndi feteleza, tikambirane za madzi amene timathirira m'madimba mwathu. Mlimi amasankha mbewu mosamala, ndipo feteleza sagula asanafunse mtengo m'sitolo ziwiri zitatu. Koma madzi amangotunga, poti ndi aulere. Chikhalirecho madzi omwewo ndi amene amagwera pa tsamba la mpiru, pa kabichi ndi pa tomato amene mwana amangothyola n'kudya wosaphika.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a kuno ku Mwanza. Msewu wa M6 wochokera ku Zalewa umadutsa pakhomo pathu kupita ku chipata cha m'malire, n'kukalowa m'dziko la Mozambique pa Zobue. Mathiraki opita ku Tete, Beira, Harare ndi Johannesburg amaima pano, ena mpaka kugona masiku angapo podikira mapepala a katundu. Pamene paima galimoto pamabweranso malo ogona alendo, malo odyera, mabala, maofesi ndi nyumba za lendi. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti m'boma lino muli anthu oposa 130,000, osawerengera apaulendo. Zonsezi n'zokomera mlimi, pakuti anthu amenewa ndiwo amatigula manachesi, tomato ndi masamba. Koma munthu aliyense amene wadya amadzithandizanso. Funso langa lero ndi lakuti, kodi zimenezo zikuthera kuti?

Thanki siyeretsa madzi

Mapaipi a suweji otengera zonyansa kumalo kokaziyeretsa amapezeka m'madera ena a mizinda ikuluikulu monga Blantyre, Lilongwe ndi Zomba. M'malo ngati athu ano, nyumba ya chimbudzi chamadzi imadalira seputiki thanki, ija imamangidwa pansi kuseri kwa nyumba n'kuivindikira ndi silabu ya simenti. Anthu ambiri amayesa kuti thankiyi imayeretsa madzi. Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Thanki yomangidwa bwino imakhala ndi zipinda ziwiri. Munthu akagejemula, zonse zimagwera m'chipinda choyamba. Zolemera zimadikha pansi n'kusanduka matope akuda, mafuta ndi zopepuka zimayandama pamwamba, ndipo pakati pamatsala madzi otuwa. Majeremusi okhala kopanda mpweya amadya matope aja pang'onopang'ono kuti asachuluke msanga. Madzi a pakati amawolokera m'chipinda chachiwiri, kenaka amatuluka pa paipi n'kukalowa m'dzenje lodzaza miyala, limene amisiri amati soak pit. Madzi otuluka apa amaoneka ngati otsukira mbale chabe, koma amakhala adakali ndi majeremusi miyandamiyanda, mazira a njoka zam'mimba, komanso nayitirojeni ndi fosifolasi, zomwe zija timagula m'thumba la feteleza.

Woyeretsa weniweni ndi dothi. Madziwa akamatsika pang'onopang'ono m'dothi louma bwino, dothilo limasefa, ndipo majeremusi ambiri amakodwa n'kufa asanafike pa madzi a pansi pa nthaka. N'chifukwa chake a zaumoyo amalangiza kuti dzenje lotere, ngakhalenso chimbudzi chokumba, zizikhala pa mtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, pa mjigo kapena pa mtsinje. Amatinso zizikhala kumunsi kwa chitsime osati kumtunda, ndipo pansi pa dzenjelo pazitalikirana ndi madzi a pansi ndi mita imodzi ndi theka. Dothi limeneli likasowa, palibenso china choyeretsa.

Njira zimene zonyansa zimafikira ku mtsinje

Njira zake ndi zisanu. Yoyamba ndi thanki yodzaza. Mwini nyumba akatha zaka zambiri osapopa, matope amasefukira m'dzenje la miyala lija n'kulitseka, ndipo madzi amatumphukira pamwamba n'kutsata ngalande. Yachiwiri ndi thanki yong'aluka, kaamba ka simenti yochepa pomanga, mizu ya mitengo, kapena galimoto zolemera zoimikidwa pamwamba pake. Yachitatu ndi malo olakwika. M'dambo madzi ali pafupi, m'makande madzi salowa, ndipo pa thanthwe amangoyenda m'ming'alu osasefedwa. Kuno kwathu n'kwa zitunda, malo ambiri dothi ndi losaya, tsono vuto ili si lachilendo. Yachinayi ndi mvula. Dzinja likafika madzi a pansi amakwera n'kumiza dzenje lonse, makamaka ngati madzi a padenga nawonso akulowa m'thankimo.

Yachisanu ndi yadala. Alipo ena amene poopa kulipira opopa amalumikiza paipi ku ngalande n'kumatsekula usiku kapena mvula ikamagwa. Aliponso opopa ena amene amalandira ndalama n'kukakhuthula katunduyo m'khwawa la pafupi.

Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Zotayidwa kuseri kwa nyumba zimatsata ngalande, ngalande imathira m'kamtsinje, ndipo timitsinje ta m'boma lino timakathira mu Shire, tina kudzera mu Mwanza, tina mu Mkulumadzi. Mtsinje wa Mwanza umatsikira kwa Chapananga ku Chikwawa, kumene anthu amafukula mchenga m'chilimwe kuti apeze madzi. Choncho wotaya sadziwa n'komwe amene akumumwetsa.

Nyengo yoipitsitsa kwa ife ndi kuyambira Seputembala mpaka Novembala. Mtsinje umakhala utaphwera, madzi osungunula zonyansa achepa, pamene m'zimbudzi anthu akugejemula monga mwa masiku onse. Ndi nthawi yomweyinso imene mlimi amathirira m'mawa ndi madzulo. Ina ndi ya mvula yoyamba, imene imakokolola zonse zimene zidaunjikana m'ngalande chilimwe chonse.

Choopsa chake n'chiyani?

Mlimi wina anganene kuti, "Nanga si madzi otere amanenepetsa masamba? Amenewa ndi manyowa aulere." N'zoona, masamba amabiriwira kaamba ka nayitirojeni uja. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'chimbudzi cha munthu wodwala mumayenda kolera, tayifodi, kamwazi, matenda ena a chiwindi obweretsa chikasu, ndi njoka zam'mimba. Mazira a njokazi amatha miyezi yambiri, ena mpaka zaka, ali moyo m'dothi lachinyontho. Mazira a likodzo nawo akafika m'madzi momwe muli nkhono, matendawa amabwerera kwa mlimi amene amaima m'madzimo potunga.

Ziweto nazo sizipulumuka. Nkhumba kapena ng'ombe ikadya kapena kumwa pamalo pofika chimbudzi cha munthu wa njoka zazitali zaphanthiphanthi zija, nyama yake imachita timatuza toyera ngati mpunga. Oyeza nyama akaziona amaikana, ndipo mlimi amaluza chiweto chathunthu.

Izi si nkhambakamwa. Mu 2009 kudabuka tayifodi m'midzi ya m'malire kwa anansi athu ku Neno ndi ku Tsangano m'dziko la Mozambique. Kuyambira Malichi mpaka Novembala chaka chimenecho anthu 303 adadwala ndipo 11 adamwalira. Kolera amene adayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 adafika m'maboma onse a dziko lino, adagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Sukulu za m'mizinda ya Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsekulira mu Januwale 2023, ndipo makhonsolo ena adaletsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misika ndi m'misewu. Miliri yotere ili ndi zoiyambitsa zambiri, koma njira yake ndi imodzi: chimbudzi cha munthu chafika m'madzi kapena pa chakudya cha mnzake. Ndipo mliri ukabuka, msika wa mlimi ndi umene umayamba kuzizira.

Yambani ndi mphuno ndi maso

Tsono tingadziwe bwanji? Kuyeza kumayamba ndi zida zimene tidabadwa nazo. Mu Julayi 2017, anthu a ku Area 18 mu mzinda wa Lilongwe adazindikira okha ndi fungo ndi mtundu wa madzi kuti suweji yalowa m'mipope yawo, ndipo nkhaniyo idafika mpaka kukhoti. Amene adawolokapo mtsinje wa Mudi ku Blantyre m'mwezi wa Okutobala akudziwa kuti mphuno sinama.

Yendani m'mbali mwa mtsinje kuchokera pa dimba lanu kulowera kumtunda, makamaka m'mamawa kusanatenthe. Muyang'ane izi. Fungo la dzira lowola kapena la mkodzo. Madzi otuwa ngati otsukira mpunga. Matope akuda bii mukatembenuza mwala kapena mukabaya ndi ndodo. Zoterera zotuwa zonga thonje lonyowa zomamatira pa miyala ndi pa timitengo. Ndere zobiriwira zochuluka pamalo amodzi kuposa pena ponse. Thovu loyera losatha msanga. Nsomba zing'onozing'ono zikupuma pamwamba pa madzi, kapena zitafa.

Yang'ananinso kumtunda kwa gombe. Pakati pa Okutobala, udzu wonse utauma, mukaona kamzere ka udzu wobiriwira kochokera kuseri kwa nyumba kutsikira ku mtsinje, pansi pake pali ponyowa ndi pa ntchentche, dziwani kuti pansipo pakuyenda madzi osachokera kumwamba.

Funsani tizamoyo ta pansi pa miyala

Mtsinje uli ndi mboni zake zimene zimagona momwemo usiku ndi usana. Tengani beseni loyera, muthiremo madzi a mu mtsinjemo, mutole miyala ingapo pamalo pothamanga madzi n'kuitsukira m'besenimo. Dikirani pang'ono, paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

M'madzi abwino mupezamo tizamoyo ta mitundu yambiri. Tina n'taphanthiphanthi, ta timichira tiwiri kapena titatu, tothamanga kunsi kwa mwala. Tina timadzimangira tinyumba ta timchenga ndi tizitsotso n'kumayenda nato. Mupezanso nkhanu ndi ana a tombolombo. Tambiri mwa timeneti timafuna madzi okhala ndi mpweya wokwanira. Zonyansa zikalowa mu mtsinje, majeremusi ozidya amatha mpweya uja, ndipo tizamoyo tosapirira timafa. Zotsala ndi zolimba mtima zokhazokha: tinyongolotsi tofiira ngati magazi m'matope, misundu, ndi mphutsi zotuwa za mchira wautali ngati wa khoswe, umene zimapumira pamwamba pa madzi.

Ku South Africa njira imeneyi adaikonza bwino n'kuitcha miniSASS, ndipo ngakhale ana a sukulu amaigwiritsa ntchito. Ubwino wake ndi wakuti wotsekula paipi usiku angathe kuzemba munthu wobwera ndi botolo masana, koma sangazembe tizamoyoti. Chitani zimenezi pamalo awiri, kumtunda ndi kumunsi kwa pamene mukukayikira, kenaka muyerekeze.

Madzi a mbee nawonso amapha

Komatu maso ndi mphuno zimangogwira zoipa zochuluka. Madzi angathe kukhala oyera mbee, opanda fungo, koma ali ndi majeremusi okwanira kugoneka banja lonse. Apa m'pofunika zida.

Chida chapafupi ndi kabotolo kokhala ndi kapepala konyikidwa m'mankhwala, kamene akatswiri a ku India adatulukira mu 1982. Mumathiramo madzi, n'kutseka, n'kukaika pamalo ofunda m'nyumba. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri, madziwo akada ngati makala, ndiye kuti muli majeremusi a mtundu wopezeka m'matumbo. Kabotoloka sikawerenga kuchuluka kwake, ndipo nthawi zina kamada kaamba ka majeremusi a m'dothi. Ndi chenjezo chabe, koma ndi chenjezo limene mudzi wonse umatha kuliona ndi maso.

Palinso timapepala tosintha mtundu toyezera amoniya ndi nayitireti. Amoniya akachuluka, ndiye kuti zonyansazo n'zatsopano ndipo gwero lake lili pafupi. Nayitireti, malinga ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, asapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi ya madzi akumwa, chifukwa amaononga magazi a makanda. Dziwani kuti kuwiritsa madzi kumapha majeremusi koma sikuchotsa nayitireti. Dziwaninso kuti feteleza wathu yemweyu akakokoloka amaonjezera nayitireti m'madzi, choncho kapepala kokha sikangaloze mwini mlandu.

Zimene amachita ku labotale

Oyeza madzi sasakasaka kolera kapena tayifodi mwachindunji, chifukwa majeremusi amenewa ndi ovuta kuwagwira ndipo amabwera mwa apo ndi apo. M'malo mwake amafufuza jeremusi lotchedwa E. coli, limene dokotala wa ku Germany, Theodor Escherich, adalitulukira mu 1885. Limeneli limakhala m'matumbo a munthu aliyense ndi a nyama. Likapezeka m'madzi, ndiye kuti chimbudzi chafikamo posachedwa, ndipo khomo limene lalowera ndi lomwelo kolera angalowere mawa.

Kayezedwe kake n'kotere. Amatenga madzi okwana mamililita 100, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo la Fanta, n'kuwasefa pa kapepala ka timabowo tosaoneka ndi maso. Majeremusi amatsalira pa kapepalako. Kenaka amakaika m'kambale momwe muli chakudya cha majeremusi, n'kufunditsa pa madigiri 44 kwa maola 18 kapena kuposerapo pang'ono. Pa kutentha kumeneku majeremusi ambiri a m'dothi sakula, koma a m'matumbo amaswana. Jeremusi lililonse limasanduka kadontho kooneka ndi maso, ndipo woyeza amangowerenga timadontho.

Mlingo wa WHO ndi wakuti m'madzi akumwa musapezeke ngakhale kadontho kamodzi pa mamililita 100. Pa madzi othirira mbewu zodyedwa zosaphika, malangizo amene bungweli lidatulutsa mu 1989 adaika malire a majeremusi a m'matumbo 1,000 pa mamililita 100, ndi dzira limodzi la njoka zam'mimba pa lita. Apa mutha kuona kuti madzi ena ndi oyenera kuthirira koma osayenera kumwa. Mlimi amene amamwera m'keni ludzu likamugwira ku dimba aganizepo bwino.

Kuno kwathu, unduna woona za madzi uli ndi labotale yake yaikulu ku Lilongwe, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards ku Blantyre nalo limayeza madzi. Palinso zida zonyamula m'manja, monga bokosi la DelAgua limene lidapangidwa pa yunivesite ya Surrey ku England m'zaka za m'ma 1980, zimene zimatheketsa kuyeza konseku pa mtsinje pomwepo.

Katungidwe ka madzi okayezetsa n'kofunika zedi. Botolo likhale lophedwa majeremusi, osati la mafuta ophikira lotsukidwa ndi phulusa. Wotunga ayang'ane kumtunda kumene madzi akuchokera, amize botolo pansi pang'ono, osakhudza kukamwa kwake ndi zala, osavundula matope. Alembepo malo, tsiku ndi ola. Botololo liikidwe pozizira ndipo lifike kwa oyeza pasanathe maola 6 ngati n'kotheka, koma osapitirira maola 24. Kuchokera ku Mwanza kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 100, tsono madzi otungidwa m'mamawa angathe kufika nthawi yabwino. Ntchito imeneyi ndi bwino kuigwira pamodzi ndi alangizi a zaumoyo.

Botolo limodzi silinena zambiri. Pamafunika anayi: kumtunda kwa nyumba zonse, pakamwa pa ngalande yokayikitsa, kumunsi kwake, ndi pamene inu mumatunga. Ngati kumtunda timadontho n'tochepa koma kumunsi kwa ngalande n'tosawerengeka, mwapeza khomo. Muyezenso kawiri pa chaka, m'chilimwe ndi m'dzinja.

Za munthu kapena za ng'ombe?

Mwini thanki angathe kudziteteza ponena kuti, "Zimenezo ndi ndowe za ng'ombe zanu zomwe." Ndipo mwina akunena zoona, pakuti E. coli wa munthu ndi wa ng'ombe amaoneka chimodzimodzi pa kambale kaja. Tsono akatswiri amafufuza zinthu zimene ng'ombe sigwiritsa ntchito.

China ndi sopo waufa. Opanga sopoyu amaikamo mankhwala owalitsa zovala, ndipo mankhwalawa amakanirira pa thonje. Woyeza amatenga thonje losapakidwa mankhwala alionse, kuliika m'kaukonde, n'kulimangirira pakamwa pa ngalande kapena pamene pakutuluka madzi m'gombe. Pakatha masiku angapo amaliumitsa pamthunzi n'kuliunika mumdima ndi nyali ija amaunikira ndalama zachinyengo m'mabanki. Likawala mobiriwira ngati thambo, madziwo achokera m'nyumba ya munthu. Chenjezo ndi lakuti thonjelo lisaikidwe kumunsi kwa pamene amayi amachapira, chifukwa pamenepo liwala ndithu ngakhale popanda thanki.

M'malabotale akuluakulu amafufuzanso kafeini wa mu tiyi ndi khofi, zotsekemera zopanda shuga za m'zakumwa, ngakhalenso DNA ya majeremusi opezeka m'matumbo a anthu. Izi n'zokwera mtengo, si za mlimi payekha.

Umboni wosatsutsika ndi utoto. Oyendera za ukhondo amathira utoto wotchedwa fluorescein m'chimbudzi cha nyumba yokayikiridwa n'kugejemula. Utotowu ndi wobiriwira mowala ndipo pang'ono pokha umaoneka m'madzi ambiri. Ukatulukira mu ngalande kapena mu mtsinje, kaya patatha maola kaya masiku, mkangano watha. Njirayi ndi yakale. Mu 1877 ku Germany adaigwiritsa ntchito polondola madzi a mtsinje wa Danube amene amalowa pansi, ndipo adakatulukira pa kasupe wina kutali. Koma ntchito iyi ndi ya ogwira ntchito za boma. Mlimi asalowe m'chimbudzi cha eni ake ndi utoto m'thumba.

Werengani odwala

Njira ina sifuna botolo. Mu 1854 kolera adapha anthu oposa 600 m'dera lina la mzinda wa London. Dokotala John Snow adalemba pa mapu nyumba iliyonse imene mudachitika maliro, ndipo adaona kuti zambiri zidazungulira mjigo umodzi wa mu msewu wa Broad Street. Akuluakulu adachotsa chogwirira cha mjigowo. Atakumba pambuyo pake adapeza kuti dzenje la zonyansa la nyumba ina lidali pafupi kwambiri ndi chitsimecho, osakwana n'komwe mita imodzi, ndipo linkadontha. Anthu ankaukonda mjigowo ati madzi ake ngokoma.

Komiti ya zaumoyo ya m'mudzi kapena kalabu ya alimi ingathe kuchita chimodzimodzi ndi kope la sukulu. Lembani khomo lililonse limene mwana watsekula m'mimba, tsiku lake, ndi kumene banjalo limatunga madzi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, kopelo liyamba kuloza lokha.

Tichitepo chiyani?

Kwa alimi anzanga ndikuti, musatunge pa mtsinje penipeni ngati mukuukayikira. Kumbani chitsime cha m'dimba chapatali ndi gombe kuti madzi azidzera mu mchenga ndi m'dothi asanakufikeni. Thirani pa tsinde, osati pa masamba. Tomato muimikire timitengo kuti zipatso zisagone pansi. Siyani kuthirira masiku awiri atatu musanathyole, chifukwa dzuwa ndi kuuma zimapha majeremusi ambiri. Potsuka ndi powaza masamba pa msika gwiritsani ntchito madzi a pa mpope kapena a pa mjigo, pakuti ntchito yonse yabwino ya ku dimba imatha kuonongeka ndi ndowa imodzi ya pa msika. Manachesi ndi mandimu ali ndi mwayi poti amabereka m'mwamba ndipo amasendedwa, koma otola pansi ndi otsukidwa mu mtsinje ataya mwayi umenewo. Madzi akumwa tengani kunyumba, owiritsa kapena othira kolorini n'kudikira mphindi 30. Ziweto muzimwetsere m'chomwera, ndipo nkhumba zikhale m'khola.

Kwa eni mathanki ndikuti, tsekulani chivindikiro kamodzi pa chaka muyeze matope ndi ndodo. Akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a thanki, itanani opopa, ndipo muwafunse kumene akukataya. Musatayiremo matewera, makondomu, mapepala a pulasitiki, oyilo wakutha kapena mankhwala amphamvu, chifukwa zina zimatseka mapaipi, zina zimapha majeremusi ogwira ntchito aja. Madzi a padenga asalowemo. Ndipo munthu asalowe m'thanki ngakhale itapopedwa, mpweya wa m'menemo umapha pa kanthawi kochepa.

Mukapeza zizindikiro, musathamangire kukalalata pakhomo pa munthu. Kambiranani pa kalabu, mukadziwitse a mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo iwo akatule nkhaniyo ku ofesi ya zaumoyo ndi ukhondo ya boma ndi ku khonsolo. Lamulo lili kumbali yanu. Lamulo la za madzi la 2013 limaletsa kutayira zonyansa m'madzi popanda chilolezo, ndipo lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Lamulo la za chilengedwe la 2017 nalo lidakhazikitsa bungwe la Malawi Environment Protection Authority. Koma maofesi amenewa amamva msanga anthu obwera pagulu, ali ndi masiku olembedwa, malo odziwika ndi zotsatira za kuyeza, kusiyana ndi munthu mmodzi wobwera ndi mkwiyo wokha. Mutu umodzi susenza denga.

Tikumbukirenso kuti eni malo ogona alendo ndi odyera ndi makasitomala athu. Masamba amene timathirira ndi madzi ochokera kuseri kwa nyumba zawo, mawa lake amabwerera m'khitchini mwawo momwemo n'kudyedwa ndi alendo awo. Mukawafotokozera motero, ambiri amva, paja wakutsina khutu ndi mnansi. Chilimwe chino, musanayambe kufesa nazale, tengani beseni loyera ndi anzanu awiri atatu, muyende ndi mtsinje wanu mpaka kumtunda mukaone chimene chikulowamo.